Womasulira Mafilimu wa ku Chipoka

Mwana wanga watsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu koma sanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe. Amamva, chifukwa ndikamuitana amacheuka. Akafuna madzi amandikoka chitenje n'kuloza ndowa. Kusikelo anandiuza kuti ana ena amachedwa, ndidekhe. Ndinavomera, koma ndikakhala ndekha ndimamuyasamitsa n'kumasuzumira m'kamwa mwake ngati muli china choti ndingachotse ndi chala.

Chimandiwawa n'chakuti ine ndinaleredwa ndi pakamwa pa bambo anga. Iwo anali womasulira mafilimu m'nyumba ya vidiyo ku Chipoka, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Inali nyumba ya malata yopanda mawindo, pakhomo atatchingapo chiguduli kuti ongodutsa asasuzumire. Panja panali bolodi lolembedwa ndi choko, kuseri jenereta ikulira. Mafilimu ake anali a karate ndi achimwenye, m'zilankhulo zimene panalibe amene ankazimva. Bambonso sankazimva. Ankangotsitsa mawu a TV, n'kuima pambali ndi maikolofoni yomangidwa ndi mphira, n'kumawaika anthu a mufilimuyo mawu m'kamwa.

Wakarate akakwinya nkhope, bambo ankakuwa kuti, "Iwe, wakuuza ndani kuti uponye khoka pamalo panga?" Mayi wachimwenye akamalira pamvula ankati, "Apsereza mpunga awa, alendo ali pakhonde." Asodzi, mamba akadali m'manja, ankaseka mpaka kugwa pabenchi. Filimu imodzi anthu ankaionera kambirimbiri poti bambo sankabwereza nkhani. Tikamadutsa pamsika anthu ankawaimitsa.

"Akulu, lero mumupha uja kapena mumusiya?"

"Ziona mmene andilankhulire," ankayankha choncho osamwetulira n'komwe. Ine ndinkayenda pambuyo pawo ngati mwana wa nduna.

Kenako kunabwera ma CD omasuliridwa kale kutauni, pambuyo pake mafoni. Sitima zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, mabenchi n'kumakhala opanda anthu. Nyumbayo inatsekedwa ine ndili kusekondale. Bambo anayesa geni ya usipa koma ankacheza kwambiri kuposa kugulitsa. Chaka chomwe ndinakwatiwa anadwala sitiroko, inawatengera dzanja lamanja ndi lilime. Chinatsala ndi "aa, aa" basi.

Ndinakwatiwa ku Lifuwu, ndipo timakhala pafupi ndi makolo a amuna anga. Ndili ndi satifiketi ya kaleredwe ka ana, ndimaphunzitsa pasukulu ya mkombaphala. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zomwe ndinachitazi sindinachite chifukwa cha umbuli. Mwana ali wakhanda ndinkapita naye ku Chipoka pafupipafupi, bambo n'kumamufukata ndi dzanja lawo labwinolo. Tsiku lina apongozi anga aakazi, akupeta mpunga, anandiuza mofatsa:

"Amake mwana, mwanatu amaphunzira kwa amene akumuyang'ana m'kamwa. Inu mumakamukhazika pamiyendo pa munthu wosalankhula. Mukudabwa chiyani?"

Sananene mwachipongwe, nawonso mdzukulu wawo amawadetsa nkhawa. Ndinkadziwa kuti si zoona, mabuku onse amene ndinawerenga amakana zimenezo. Koma mawuwo anandikhala mumtima, ndipo ndinasiya kupita kwathu. Mayi akaimba foni ndinkanamizira ntchito. "Bambo ako angokhalira kuyang'ana kumsewu," ankatero, ine n'kusintha nkhani.

Mwezi wathawu ndinalephera kupirira. Ndinauza apongozi kuti ndikupita ndi mwana kuchipatala cha ku boma ku Salima, koma nditafika kumeneko ndinakwera minibasi ya ku Chipoka. Ndinatsikira dala kusiteshoni kuti ndione nyumba ya vidiyo ija. Kulibe. Panatsala simenti ya pansi yokha, ndipo mayi wina anayanikapo chinangwa. Ndinamufunsa ngati akudziwa chomwe chinali pamenepo, anati iye anapeza pali chonchi.

Bambo ndinawapeza pakhonde, atawonda, atavala jekete yomwe ankavala pomasulira. Atationa anayesa kuimirira koma mwendo unakana. Anatambasula dzanja lamanzere, ndipo ndinawapatsa mwanayo.

Pabwalo atambala awiri anayamba kumenyana. Bambo anawongola msana, anakweza zikope, n'kuloza tambala wofiira. "Aa! Aa, aa!" Kenako analoza wakudayo ndi mawu ena, otsika, onyoza. Mawu enieni panalibe, komabe ndinamva zonse: wina akudzitama, wina akumuderera.

"Yayambatu filimu," anatero mayi anga akuseka, uku akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Lowani msanga, malo atha!"

Mwana wanga anaseka kuseka komwe ndinali ndisanakumvepo. Anawagwira agogo ake chibwano, kuwayang'anitsitsa m'kamwa. Ndiyeno analoza tambala uja n'kunena, ndendende ngati iwo, "Aa! Aa, aa!"

Sindikumbuka kuganiza chilichonse, ndinangozindikira kuti ndamutsomphola pamiyendo pawo, ali kale kumsana, ndikumanga mbereko. Dzanja la bambo linatsala m'mwamba, kenako linatsika pang'onopang'ono mpaka pabondo. Anandiyang'ana. Mutu wawo ndi wabwinobwino, sitiroko sinakhudze nzeru. Anamvetsa.

"Ngakhale madzi osamwa, mwanawe?" anafunsa mayi.

Ndinati minibasi zimavuta masana. Mwana ankadzipotokola kumsana, kuloza agogo ake, ine osacheuka.

Mu minibasi ndinalira mobisa. Mwina tsiku limenelo mwana wanga anayamba kuyesa kulankhula, ndipo ine ndinamudula. Mwinanso apongozi ankanena zoona. Mpaka lero sindikudziwa choopa chenicheni ndi chiti, ndipo ku Chipoka sindinabwerereko.

Titafika ku Lifuwu, apongozi anatichingamira panjira. Anamutenga mwana kumsana kwanga n'kumamunyadira.

"Bwana, mwachokera kuti? Adokotala akuti chiyani? Tauzeni agogo."

Mwanayo anatsegula pakamwa. Ine, amene ndimapemphera tsiku ndi tsiku kuti alankhule, ndinagwira mpweya n'kupempha mumtima kuti asatulutse kanthu. Anangoyasamula, n'kutsamira paphewa pawo.