Baloti ya mtedza wokazinga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali sitandade 5 ku Kabudula, mtima uli m'mwamba tsiku ndi tsiku chifukwa cha Lufeyo. Anali chimnyamata cha ndevu zongomera kumene, ndipo umonitala wa kalasi yathu anausandutsa munda wa makolo ake. Posankha tinkakweza manja iye akutiyang'ana. Wosakweza ankakumana naye kuseri kwa chigayo poweruka. Khutu langa lakumanzere likudziwa bwino nkhaniyi.

Kenaka kunabwera aphunzitsi atsopano, a Chisale, okonda kufukula kumene mawu anachokera. Anatiuza kuti liwu loti baloti Angerezi anachita kubwereka kwa Ataliyana. Kumeneko balota ndi kampira kakang'ono, ndipo kalekale akuluakulu a mzinda wa Venisi ankaponya timipira m'chotengera mobisa, kuti pasapezeke wodziwa amene mnzake wasankha.

"Nafenso titero," anatero a Chisale. "Timipira tilibe, koma mtedza ulipo. Kodi ndani apikisane ndi Lufeyo?"

Dzanja langa linakwera lokha, ine ndisanalilole. Masiku otsatira ndinkangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinkadziwa kuti ndikagonja, khutu linalo lipita.

Tsiku lachisankho anaika zitini ziwiri kuseri kwa bolodi, china changa, china cha Lufeyo, n'kupatsa aliyense njere imodzi. Koma munali mu Febuluwale, nkhokwe zili gwaa, ambiri titabwera osalawa kanthu. Ndipo amayi akunyumba kwa aphunzitsi, mwa ulemu wawo, mtedzawo anaukazinga n'kuthira mchere. Kafungo kake kanadzaza kalasi yonse.

Ine ndinayamba, ndipo njere yanga inalira ngwee m'chitini. Kenaka ndinatchera khutu, thukuta lili kamukamu. Zii. Anzanga ankatuluka kuseriko maso ali pansi, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono. Ndinapsa mtima, misozi ili pafupi.

A Chisale anakhuthula chitini changa: njere imodzi. Anagwedeza cha Lufeyo, nasuzumiramo, nachigogoda patebulo. Munalibe kanthu.

"Lufeyo, nawenso wadya voti yako, eti?"

Iye anangonyambita milomo. Ndinapambana choncho, chifukwa mwa ife tonse ndine ndekha amene mantha anaposa njala.

Lero timachonga papepala, ndipo pepala silidyeka. Komabe ndikaima pamzere wovota sindikhazikika. Ndimayang'ana anzanga kukamwa, chifukwa masiku ano ambiri amafika atatafuniratu mavoti awo dzulo lake.