Chitini cha Mchere

Chaka chimene zipani zinachuluka, ntchito ya mwamuna wanga kudepoti ya chimanga inatha, ndiye tinasamukira ku Sasare kukatokosa golide m'maenje akale a mgodi. Tinali mabanja ochepa m'misasa yaudzu. Mvula ikagwa msewu unkaduka, moti abale a ku Petauke ankatiseka kuti tinasamukira kunyenyezi.

Chifuwa chinayambira kwa amuna olowa pansi, amene ankapumirana m'dzenje limodzi. Munthu ankatsokomola, kuonda, kulavula magazi, basi maliro. Titaika wachitatu, mwamuna wanga naye anayamba.

Apongozi anga anabwera kuchokera kwa Kalindawalo atagamula kale mlandu. Kwathu amati mkazi woyenda ndi amuna ena akathira mchere m'ndiwo, amadula mwamuna wake pachifuwa.

"Mwamudula mwana wanga," anatero anthu akumva. "Kuyambila lelo mchele musaugwilenso."

Anatenga chitini changa cha mchere n'kuchibisa m'thumba lawo. Anatsekanso chitseko kuti wodwala asawombedwe ndi mphepo, iwo n'kumakhala naye m'katimo tsiku lonse. Zinandiwawa kwambiri, koma ine si munthu wolirira kuseri.

"Amai," ndinawafunsa, "wachiwili uja tinaika analibe mkazi. Anamudula ndani?"

Anangoti ndine wamwano.

Mlungu utatha, mwamuna wanga ankalephera kufika pakhomo. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinamukhazika pakaliyala ya njinga, ndinamumangirira ndi chitenje kuti asagwe, ndipo ndinakankha m'matope mpaka pamene tinapeza galimoto. Kuchipatala anayeza makhololo, nati ndi chifuwa chachikulu, chimayenda mumpweya, ndipo chimachizika. Za mchere sanandifunse.

Mapilitsi anali a miyezi yambiri. Ndinkamuimirira mpaka ameze, ngakhale ankadandaula ngati mwana. Akazi anzanga awiri ataona kuti masaya akubwerera, anadzabwereka njinga.

Apongozi sanapepese. Ankati yamuchiritsa ndi mizu yawo, ine n'kumangoti zikomo.

Nthawi yokolola thonje ndinamva chifuwa chija kuseri kwa msasa. Ndinachidziwa, ndipo amene ankatsokomola anali apongozi. Patapita masiku awiri, ndikuphika ndiwo za chibwabwa, iwo anabwera pang'onopang'ono n'kuika chitini chija pafupi ndi phazi langa.

"Thilani," anatero. Kenako anafunsa, "Njinga ija ili bwino?"

Ndinathira mchere, ndinavundula, kenako ndinapita kukatenga chitenje.