Dothi la Agogo Lili pa Ulendo

Ndikamva fungo la mchenga wonyowa ndimawaona agogo anga, bambo awo a mayi, ataima mumtsinje wa Nasolo ku Ndirande, buluku atapinda mpaka m'maondo, fosholo ikulira pamiyala, utsi wa mbaula za okazinga zitumbuwa ukutsikira kumadzi. Ntchito yawo inali yokumba mchenga wa omanga nyumba. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko, mayi akuyesa ndili pampopi.

Kwawo kunali ku Mozambique, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Ali mnyamata anagwirako ntchito ndi anthu oboola pansi pagombe, ofufuza mafuta. Kenako anathawa nkhondo, osabwererakonso.

Tsiku lina anatunga madzi amatope m'botolo, n'kulikhutchumula, n'kuliika pamwala.

"Usaligwire, Esinati. Uzingoyang'ana."

Timiyala tinayamba kukhala pansi, mchenga n'kutsatira, dongo losalala n'kudzayala pamwamba.

"Kwathu pansi pali chonchi, koma kuya kwake ungagone panjira," anatero. "Chitsulo choboolera pansi chinkatulutsa mchenga, kenako dongo, kenako zigoba za nkhono, pansi penipeni mwala wakuda wopsa. Mainjiniya ankati kalekale dziko lathu linali logundana ndi lina, linang'ambika, nyanja n'kulowa pakati. Chiyambire pamenepo gombe lija langokhala phee, kumangolandira zomwe mitsinje yabweretsa, chaka pamwamba pa chaka."

"Nanga mchenga uwu?" ndinafunsa.

"Umene wandipulumuka pafosholo ukupita kwathu. Nasolo aupereka kwa Mudi, Mudi kwa Shire, Shire kwa Zambezi. Pasipoti ulibe, koma umafika!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Mayi ankati agogo akundidzaza matope m'mutu. Sankanama, ndipo agogowo ndinkawakonda nazo.

Chimene agogo ankafuna chinali chimodzi: kukaikidwa kwawo. Ankachinena paliponse, ngakhale pa Khirisimasi, nyama ili m'kamwa. Amalume ankangoti, "Tamva, bambo," koma tonse tinkadziwa kuti kumeneko kunalibenso m'bale wotilandira, ndipo njira ya kumudzi kwawoko panalibe woidziwa.

Agogo anamwalira nthawi ya dzinja, ndili kusekondale, ndipo tinawaika ku Ndirande konkuno. Zinandiwawa ngati tawanamiza. Itakwana nthawi yoti achibale tiponye dothi m'manda, ndinatapa pafosholo monga anzanga, koma ndinaponya theka. Lotsalalo ndinamanga pansonga ya chitenje.

Azakhali anandiona, n'kunditsina. "Iwe, za kumanda sapita nazo kunyumba!"

"Sizikupita kunyumba, anti," ndinanong'ona. "Zikupita kwawo."

Anandisiya. Anthu akubwerera kusiwa, ine ndinakhotera kumlatho. Nasolo anali atadzaza, madzi ali ofiira, akukokolola mapepala ndi timitengo. Ndinamasula nsonga ya chitenje, dothi lija n'kugwera m'madzi.

Lero ndimaphunzitsa jogalafe ku Bangwe, ndipo pawindo la kalasi yanga pamakhala botolo la matope. Ndikamafotokozera ana za gombe lodekha lija, lomwe limangoyala mchenga pamwamba pa dongo, sindiwauza kuti ndili ndi m'bale panjira imeneyo. Mwina akali cha ku Chikwawa, mwina adutsa Nsanje. Agogo sankayenda mothamanga. Koma mvula ikagwa, Nasolo n'kufiira, mtima wanga umakhala m'malo. Ndimadziwa kuti asenderako pang'ono.