Nyumba Yaikulu Imene Anatisiyira

Kampani ya boma imene atate ankagwirako ntchito itagulitsidwa, anzawo anabwerera kumakomo kwawo ndi mipando, ena malata, ena matayala. Atate anabwera ndi kompyuta pa wilibala. Amayi anaiyang'ana, kenako anayang'ana atate, n'kufunsa ngati chinthucho chimaphikidwa ndi tomato kapena ndi nsinjiro. Atate anangoti mwanayu aphunzirirapo, poti ine ndinali nditamaliza sukulu ndipo ndinkangotha nsapato m'tauni kufunafuna ntchito yosapezeka.

Tinkakhala ku komboni ya Kanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene awiriwo anamanga okha. Mabuloko ake anaumba amayi, madzi akusenza okha pamutu. Chaka chimene kompyuta inabweracho atate anayamba kutsokomola, ndipo amayi anagwidwa ndi mantha. Sankaopa imfa yokha ayi. Mu mzere wathu anali ataona akazi amasiye akusiyidwa ndi ana ndi mphika umodzi, abale a mwamuna atasesa zonse mpaka zitseko. Ankanena poyera kuti tsiku likadzafika anthu adzatenge chilichonse chimene akufuna, koma nyumba yokhayi asadzaikhudze.

Kujambula pa kompyuta ndinaphunzira mwaumphawi. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu, amene ankagwira ntchito kwa olemba mapulani a nyumba, anandikopera pulogalamu pa chimbale n'kundiuza kuti zotsalazo ndidzionera ndekha. Buku panalibe, mphunzitsi panalibe. Ndinkangodina apa ndi apo, chikawonongeka n'kuyambiranso. Pulogalamuyo inkakupatsa bokosi, mpira, ndi chinthu chonga chitini. Bokosi ukalikoka limatalika n'kukhala khoma, ukaliboola wapeza windo. Zonse zinkaoneka ngati magalimoto a mawaya amene ana amapinda. Ukamaliza kumanga umaika dzuwa pamene ukufuna, n'kuimika kamera, kenako umauza makina kuti apente chithunzi chenicheni.

Apa ndiye panagona nkhani. Makina athu okalambawo ankapenta kamzere kamodzikamodzi kuyambira kumwamba, akubuula ngati chigayo chotha mafuta. Umayamba m'mawa, masana akadali padenga. Akangofika pa mawindo, malaiti azima, ntchito yonse yapita m'madzi. Anthu a magetsi ndinawatukwana pamodzi ndi mafuko awo, ndipo sindikupepesa. Pang'onopang'ono ndinachenjera. Ndinkayamba ndayesa kachithunzi kakang'ono ngati bokosi la machesi ndisanapente chachikulu. Ndinachotsa chivundikiro cha makina kuti azipuma mphepo. Chimene kamera singaone sindinkamanga n'komwe, chifukwa makinawo analibe mphamvu yonyamula zambiri. Mvula ikagwa, madzi n'kulowa m'nyumba monga amachitira ku Kanyama, kompyuta inkakwera pamwamba pa kabati, eni ake tikupondaponda m'matope.

Atate atasiya kutuluka panja anayamba kukhala pambali panga, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Moyo wawo wonse ankakamba za nyumba imene adzamange akadzapuma pa ntchito, ya khonde lalitali la polishi wofiira, ya denga la matailosi, ngati za ku mayadi kumene kumakhala mabwana. Tsiku lina anati ndiwamangire imeneyo m'makinamo. Koma kapitawo wake anali wovuta! Windo ili lachepa, chitseko chayang'ana kolakwika, chipilala ichi chawonda ngati mwendo wa adokowe. Ndinkang'ung'udza koma ndinkakonza, chifukwa masiku amenewo ndi okhawo amene ndinkawamva akuseka.

Chithunzi choyamba chitatha ndinadzimva kuti ndine munthu. Atate anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Iyi ndi nyumba ya mizukwa," anatero. "Simukhala munthu muno. Khoma lilibe ndi dothi lomwe."

Zinandibaya, koma ananena zoona. Ndinapempha wojambula zithunzi wa pamsika kuti ajambule khoma lathu lenileni, pamene matope a mvula amathimbirira, ndipo ndinamata chithunzicho m'munsi mwa khoma la m'makina. Pakhonde ndinaika mbaula ya amayi ndi ndowa yathu yobiriwira yophwanyika mbali imodzi. Ndinamanganso njinga ya atate itatsamira chipilala, ndi malegeni ake omangira katundu. Njingayo inatsala pang'ono kundipengetsa, masipoko okhawo. Zitatha ndinakachapitsa ku situdiyo m'tauni, pa pepala lonyezimira lomwe amachapirapo zithunzi za ukwati. Atate anachilandira ndi manja awiri. Amayi anachiika mu felemu, ndipo chinkakhala kumutu kwa bedi. Atate anamwalira mvula isanathe.

Abale awo anabwera atatu: akulu awo, amene ife tinkati atate aakulu, ndi azakhali, onsewa ochokera kumudzi kum'mawa, komanso atate aang'ono ochokera ku migodi. Azakhali ankagona m'nyumba ndi azimayi ena monga mwa mwambo wa maliro, ndipo ndi amene anaona chithunzicho. Anadikira mpaka tsiku logawa katundu, titaika maliro, anthu atakhala pabwalo. Zovala zinapita, wailesi inapita, njinga inapita, amayi mutu uli pansi. Kenako azakhali anamasula chitenje n'kutulutsa felemu ija.

"Alamu, nanga iyi bwanji simunaitchule?"

Amayi anafotokoza kuti nyumbayo kulibe, kuti ndi mwanayu anangojambula kuti asangalatse bambo ake akudwala. Anthu anaseka kuseka kwa pamaliro, kwa m'mphuno. Atate aakulu anaika chala pa njinga n'kunena kuti imeneyi ndi njinga ya mng'ono wawo, malegeni ake ndi awa. Analoza ndowa imene inali pakhomo pathu pomwepo, n'kulozanso ya pa chithunzi. Anafunsa anthu ngati anaonapo munthu wojambula zabodza akuvutika kujambula litsiro la pakhoma. Anati tsopano zadziwika kumene thukuta la malemu linapita.

Mutu wanga unatentha. Anandiuza kuti mwana sayankhula pa mlandu wa akulu, koma ine ndinali nditakoka kale tebulo la kompyuta mpaka pakhomo. Tsiku limenelo, mwa masiku onse, malaiti analipo. Ndinayatsa makina, ndinawaonetsa nyumba ya mawaya ija, ndipo ndinaitembenuza pamaso pawo kuti aone kumbuyo. Kumbuyo kunalibe khoma. M'kati munalibe chipinda ngakhale chimodzi, munali mphako. Ndinkaganiza kuti mlandu wathera pomwepo. Atate aakulu anangogwedeza mutu n'kunena kuti imeneyo ndi pulani, nyumba iliyonse imayamba ndi pulani, ndipo pulani ndi chithunzi si chinthu chimodzi.

Ndinati ndiye muone ndikupenta inu muli pompano. Ndinadina. Makina anayamba kubuula, n'kuyamba ndi thambo, kamzere kamodzikamodzi. Anthu anadikira. Ena anayasamula, ena anapita kukataya madzi, ena anayamba kucheza za mtengo wa feteleza. Dzuwa linapendeka, pa galasi pakuoneka mitambo yokha ndi kansonga ka denga. Ine thukuta lili chuchuchu, ndikupempha chitsulo chija mumtima ngati chimamva. Ndiye ndinakumana maso ndi atate aang'ono. Iwowo anagwirapo ntchito mu ofesi, makompyuta anawaona. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti ndikunena zoona. Ndimakhulupirira zimenezo mpaka lero, ndipo sindinawakhululukire. Ndi iwo amene ananyamuka, nanena kuti akulu asatayitsidwe nthawi ndi masewera a mwana, n'kuzula chingwe pakhoma.

Atate aakulu anakonza pakhosi.

"Ife si anthu olanda," anatero. "Yaikuluyo, alamu, khalanimoni ndi ana, sitiikhudza. Ife tingotenga kakang'ono kano."

Ena anavomereza kuti akuluwa aweruza mwachifundo. Ine ndinkafuna kuthamangira kupolisi, poti lamulo loteteza amasiye linalipo ndipo pawailesi ankalinena. Amayi anandigwira mkono. Anali asanasudzulidwe, mwambo umene abale a mwamuna amamasulira mkazi wamasiye kuti akhale mfulu, ndipo azakhali anali atawanong'oneza kale kuti mkazi wotengera alamu ake kupolisi palibe amamusudzula, amayenda ndi mzimu wa malemu mpaka kumanda. Amayi ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ndinakangana nawo, ndinalira, ndinamenya chitseko, koma sanasunthe. Kompyuta anatisiyira, poti atate aakulu anati wailesi yakanema yosaonetsa mpira ilibe ntchito.

Mwezi usanathe tinasamuka. Amayi anali atapeza kachipinda kamodzi ku komboni ina yotchedwa George, kuseri kwa malo omwera mowa. Ndinaika makina pa wilibala, pamwamba pake mphasa ndi miphika, alongo anga aang'ono akutsatira ndi zidebe. Nkhani inali itafalikira kale mu mzere wonse, koma inafalikira mmene abale aja anainenera. Pakona tinakumana ndi mayi wogulitsa makala, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri, amene ankaima nawo pa mzere wa pampopi. Anatitchinga njira, akuseka koma akuoneka kuti zamupweteka.

"Anzanga, mpaka kundibisira ine? Ndiye mukupita ku mayadi! Ndidzabweratu kudzakhala pakhonde lofiira lija."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zonse, koma amayi ananditsina m'nthiti. Anakonza mtolo umene unali pamutu pawo, n'kumwetulira.

"Mudzabwere," anatero. "Tikakhazikika ndidzatumiza uthenga."

Tinapitiriza ulendo wa ku George. Mpaka tsiku limene anamwalira, amayi sanapondenso ku Kanyama.