Chaka Chimene Mano Anga Anasiya Kukumana

Lole imene inkatibweza kuchokera kokonzekera magule a msonkhano wa chipani inalibe mipando. Tinali amayi ambiri, titaimirira mothithikana, aliyense atavala nsalu yofanana ndi ya mnzake. Ine ndinali kutsogolo kwenikweni, nditagwira chitsulo chopingasa. Tikutsetsereka cha ku Kanjedza, munthu wa panjinga anadutsa msewu mwadzidzidzi. Dalaivala anaponda buleki, ndipo amayi onse aja anandigwera kumsana. Nkhope yanga inakamenya chitsulo chija. Ndimakumbukabe magazi ofunda akutsikira kukhosi, ndi mawu a mayi wina akuti, "Muweramitseni, asadetse nsaluyo. Mawa tivalanso."

Kuchipatala anandisoka mlomo, nkundipatsa mapilitsi, nkundiuza kuti chotupa chikaphwa zonse zibwerera mwakale. Chinaphwadi patapita milungu itatu, koma nkhope imene inatsala sinali yanga. Mphuno inali itapotokera kumanzere. Nsagwada yapansi inali itasunthira kumanja, moti ndikatseka pakamwa mano a mbali imodzi ankakumana, a mbali inayo nkusiya mpata wolowa nsonga ya lilime.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yolandira ndi kulumikiza matelefoni pa ofesi ina pafupi ndi Mandala. Ine ndi amuna anga, amene anali kalaliki ku Limbe, tinkachita lendi ku Manja. Tonse kwathu nku Nsanje. Ntchito yanga inali ya mawu, ndipo mawuwo ndi amene anayamba kundiulula. Bowo lakumanzere la mphuno linali litatsekeka, ndiye ndinkayankhulira m'mphuno ngati munthu wofinyidwa. Tsiku lililonse wina pafoni ankafunsa, "Kodi amayi, chimfine chimenechi sichikutha?" Poyamba ndinkaseka. Kenako ndinayamba kuyankha mwachidule, ndipo abwana anandiitana kundikumbutsa kuti ine ndiye khomo la ofesiyo.

Sindinkakhazikika. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akamatsegula zakudya zawo, ine ndinkatuluka, nkuyenda mpaka m'tauni popanda chokagula. Ndinkadutsa m'makonde a masitolo ndikudziyang'ana m'magalasi, uku ndikupendeketsa mutu kuti ndipeze mbali imene ndikuoneka wowongoka. Lilime silinkachoka pampata uja. Ndinkatafunira mbali imodzi basi, ndipo pofika madzulo pafupi ndi khutu pankawawa, nsagwada nkumalira kuti kho ndikayasamula. Nzimbe ndinasiya. Chimanga chootcha ndinkachita kukonola ndi zala ngati nkhalamba.

Woyamba kuyesa kundithandiza anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, Msilamu, amene amuna ake ankayendetsa malole a katundu. Masana a Loweruka ankafunditsa madzi, nkundithowa ndi kansalu, kenako nkundisisita ndi mafuta a nsatsi kuyambira kukhutu mpaka kuchibwano. Ululu unkachepa. Loweruka lachinayi anasiya kusisita, nagwira chibwano changa nkuchitembenuza uku ndi uku.

"Achemwali, ndisakunamizeni," anatero. "Minofu ndingaifewetse, koma fupali lauma pamene lili. Pitani kwa odziwa."

Mayi anga nawo anabwera pa sitima kuchokera kumudzi ndi mankhwala a m'kabotolo, nanditemera mphini ziwiri kuseri kwa khutu. Ndinalola kuti mtima wawo ukhale pansi. Mphinizo zilipo mpaka lero.

Ndinapita kwa dokotala wa mano ku Limbe, Mmwenye wachikulire wolankhula Chinyanja chosalala. Anandilumitsa kapepala kabuluu, nayang'ana pamene mano adinda. Anati iye angathe kupala pang'ono mano amene akugundana msanga, kapena kundiumbira kachipangizo ka pulasitiki kovala mkamwa pogona kuti nsagwada izipuma.

"Ndiye iwongoka?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Ululu uchepa, koma kuwongoka ayi. Zowongola nza a mipeni, ku chipatala chachikulu."

Ndinatuluka osavomera chilichonse. Ine sindinkafuna zochepetsa ululu. Ndinkafuna nkhope yanga.

Kuti ndionane ndi dokotala wa opaleshoni panapita miyezi inayi, chifukwa analipo mmodzi yekha wodziwa za mafupa a kumaso. Anandijambula mafupa, ndipo tsiku lake litakwana anapachika chithunzicho pawindo, namwino nkumamasulira. Mphuno, anati, njosavuta kwenikweni: andigoneka, aithyolanso, awongola khoma lam'kati, ailonga thonje, nkuimata pulasitala kwa masiku angapo. Nsagwada ndiye nkhani ina. Fupa linali litathyoka pafupi ndi khutu nkulumikizana mokhota. Anafunika kulidula, kulibwezera m'malo, kenako kumanga mano apamwamba ndi apansi pamodzi ndi waya kwa milungu isanu ndi umodzi. Nthawi yonseyo nkumangomwa zamadzimadzi. Ananenanso kuti mtsempha ukakhudzidwa, mlomo wapansi ukhoza kuchita dzanzi moyo wonse. Njira ina inali yopita ku Joni kumene kunali zipangizo zabwinopo, koma pamenepo panafunika pasipoti ndi makalata a chilolezo, ndipo masiku amenewo munthu wamba sunkafuna kuti dzina lako lizizungulira m'maofesi ukupempha kutuluka m'dziko.

"Ndavomera zonse ziwiri," ndinatero. "Ngakhale mawa."

Namwino anandiyang'ana kuyambira kumaso mpaka m'chiuno. "Amayi, kumwezi munapita liti?"

Ndinali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo ndinkasanza m'mawa uliwonse. Dokotala anapukusa mutu. Munthu womangidwa mano akasanza akhoza kutsamwa nkufa, anatero, nchifukwa chake amayenda atavala m'khosi kachitsulo kodulira waya. Ngakhale za mphuno anakana kundigoneka. Anati ndidzabwere mwana akadzasiya kuyamwa.

Potuluka namwino uja anandidutsitsa dala m'wodi ya abambo. Pabedi lapafupi ndi khomo panali bambo wina amene anachita ngozi ya njinga yamoto. Milomo yake inali yong'aluka, mano atalukidwa ndi waya, ndipo mkazi wake ankamumwetsa phala lamadzi kudzera m'kachubu kolowetsa pampata wa dzino lochoka. Phala lina linkatsikira m'khosi. Bamboyo anandiyang'ana, nayesa kupereka moni, koma panangotuluka kung'ung'udza.

Miyezi yotsatirayo inali yoipa kuposa yoyamba ija, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti njira ilipo koma sindingaiponde. Lero ndinkati ndidzachita, mawa nkukumbuka bambo wa phala uja. Ndinkasesa pabwalo kawiri, kuchapa zochapachapa kale, kusuntha mipando. Amuna anga anapirira mpaka Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, pamene ndinayambanso nkhani yomweyo panjira.

"Mayi, ine sindinakwatire nsagwada," anatero. "Muli bwinobwino. Anthu sazindikira nkomwe."

"Si inu mukutafuna nayo," ndinayankha. "Mukamati sazindikira, mwawafunsa?"

Ndikudziwa kuti ankanena mwachikondi, koma mawu amenewo anandipweteka, chifukwa anali ngati akuti vuto langa nlongopeka. Patapita masiku anabwera yekha nkunena kuti ndikadzasankha waya, adzatenga tchuthi kuti azindisefera phala. Pamenepo mpamene ndinalira.

Mwana anabadwa wamkazi. Atakwanitsa chaka ndi theka ndinamuletsa kuyamwa, nkubwerera kuchipatala. Dokotala anayamba ndi mphuno. Ndinadzuka maso atatupa ngati ndalumidwa ndi njuchi, pakhosi pouma gwa chifukwa chopumira mkamwa. Tsiku lachitatu namwino anayamba kusolola thonje, ndipo linkangotuluka osatha, lalitali ngati chingwe, misozi ili chuchuchu. Atamaliza anati, "Tsekani pakamwa, kokani mpweya." Unalowa mbali zonse ziwiri, wozizira mpaka kumutu, pamodzi ndi fungo la mankhwala okolopera pansi. Pulasitala atachotsa, mphuno sinawongoke ndendende. Inatsala ndi kakhota pang'ono pamwamba. Koma ndinkapuma, ndipo mawu anga anabwerera.

Kalata ya tsiku la nsagwada inafika patapita miyezi isanu. Amuna anga anatenga tchuthi monga analonjezera. Mayi woyandikana naye uja anavomera kusunga mwana masana. M'mawa wa tsikulo tinanyamula kachikwama nkukwera basi. Tinafika pageti la chipatala, pamene amayi amagulitsa nthochi ndi zitumbuwa kwa odikirira odwala, ndipo ine ndinaima osalowa. Ndinaganiza za foni ikulira ine mano atamangidwa, za mwana amene anali atangoyamba kuyankhula ndipo ankafuna kuyankhidwa chilichonse, za mlomo wadzanzi wodontha tiyi osadziwa. Ndinayenda kuchoka pageti kufika pamtengo wa m'mbali mwa msewu, nkubwerera, nkupitanso. Amuna anga anangoima ndi kachikwama kaja, osandikoka, osandiletsa.

"Tiyeni ku Limbe," ndinatero pomaliza.

Dokotala wa mano uja anandikumbukira. Anapala mano awiri, nandilumitsa phala lake loumbira, ndipo sabata yotsatira ndinakatenga kapulasitiki kovala pogona. Ululu wa pakhutu unachepa, ngakhale nyengo yozizira ya Chiperoni umabwerabe. Kuchipatala ndinalemba kalata yopepesa. Chaka chotsatira ndinasinthanso maganizo nkupita kukapempha tsiku lina la opaleshoni, koma anandiuza kuti dokotala wa mafupa uja nthawi yake inatha ndipo anabwerera kwawo. Anati ndidikire wina. Ndinapitako kawiri, kenako ndinatenga pakati pena, ndipo sindinapitenso.

Pano mano a mbali yotafunira anaperepeseka, awiri anachoka. Ana anga amati masiku ano madokotala amamanga fupa ndi tizitsulo tam'kati, waya osafunikanso kwenikweni, ndipo wamkulu uja wandiuza kangapo kuti andiperekeza ndikafuna. Ndimamuyankha kuti ndakalamba. Akachoka ndimakhala pakhonde nkuyamba kuwerengera kuti milungu isanu ndi umodzi ikanatha liti ndikanalowa pageti tsiku lija.