Sista Amene Ankanditsina Chala

Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala okolopera pansi, chidendene changa chakumanzere chimayamba kuyabwa. Fungolo limandibweza m'wodi ya ana pachipatala china cha boma muno mu Lusaka, m'chilimwe, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinagwa mumtengo kuseri kwa mafulati athu ku Kabwata ndikuthyola mango osapsa oti tidye ndi mchere, fupa la ntchafu n'kuthyoka.

Anandigoneka chagada, mwendo wonse atauzenga bandeji. Chingwe chinachoka kuphazi n'kudutsa pakachitsulo kumapeto kwa bedi, ndipo kunsi kwake kunkalendewera chigubu cha madzi chokoka fupa kuti liwongoke. Anati ndikhala choncho masabata asanu ndi limodzi, ngati mbuzi yapachingwe. Kutembenuka ayi, kukhala tsonga ayi, chimbudzi chomwe chinkachita kundipeza pabedi. Pulasitiki ya matiresi inkandimata kumsana ndi thukuta. Pawindo ndinkangoona nthambi imodzi ya jakaranda, n'kumamva makondakitala akuitanira anthu opita m'tauni. Aliyense ankapita kwinakwake kupatula ine.

M'wodimo munali Sista Zulu, mayi wamfupi wa mawu okalipa, ndipo kunena zoona ndinkadana nawo. Manesi ena ankandisisita mutu, kundisekerera, n'kudutsa. Koma iwo m'mawa uliwonse ankangofikira kuvundukula shiti kumapazi, moni osapereka, n'kunditsina chala chachikulu mpaka chikhadabo chiyere. Kenako ankapisa dzanja lozizira pansi pa chidendene, kumasula bandeji n'kuimanganso. Zinkawawa, ndipo ndinkalira dala mokweza kuti amama, amene ankakhala pampando pambali panga tsiku lonse, awaletse. Amama ankangoyang'ana pansi.

"Gwedeza tuzala, iwe," ankatero Sista Zulu. "Kulila uzalila pambuyo."

Sabata yachitatu tinamva kuti kukubwera akuluakulu odzaona mmene manesi akusamalirira odwala. Wodi inasinthiratu. Anakolopa kawiri, mabeseni ndi mapoto a azimayi odikirira ana anabisidwa, ndipo azimayiwo anauzidwa kuti akakhale panja pamthunzi mpaka alendo apite. Mashiti oyera anatuluka kumene ankabisala, n'kukungidwa bwinobwino mpaka kutiphimba mapazi.

Pabedi langa panaima mayi wonunkhira bwino, atanyamula pepala la nkhope zitatu: yoseka, yongoyang'ana ndi yolira. Anawerama n'kundifunsa mokoma ngati pali nesi amene amandivutitsa. Chigonekereni palibe munthu anali atandifunsapo maganizo anga. Ndinaika chala pankhope yolira mosazengereza.

"Ba Sista Zulu bamanitsina masiku onse," ndinatero.

Mayiyo analemba. Sanafunse kuti amanditsina pati.

Amama atamva anagwira pakamwa. "Mwana iwe, munthu amene akugwilila mwendo ungamuneneze?" Iwo ankaopa kuti atibwezera. Koma patapita masiku awiri tinangomva kuti Sista Zulu awasamutsira kuwodi ina. Ndinasangalala mpaka ndinamaliza phala lonse la m'chipatala, lija ndinkalikana.

Alendo aja anali atayamikira mabedi athu oyalidwa bwino, choncho mashiti anakhalabe okungidwa. Manesi otsalawo anali ochepa, ana ambiri, ndipo palibe anavundukulanso mapazi anga. Amama nawo ankaopa kukhudza zingwe za madokotala. Chidendene chinayamba kuyabwa, kenako kutentha, kenako chinangoti zii. Ine ndinkati ndikuchira.

Amama ndiwo anamva fungo tsiku lakhumi chichokereni Sista Zulu. Chigubu chija chinali chitakokera bandeji m'munsi pang'onopang'ono, n'kudya mnofu kuseri kwa chidendene. Dokotala atamasula anati tikanachedwa pang'ono tikanakamba zodula phazi lonse. Anandiwonjezera masabata anayi pabedi lomwelo. Maluwa a jakaranda anayoyoka, mvula yoyamba inagwa, anzanga ku Kabwata anadya mango akupsa, ine ndikuwerenga ming'alu ya kudenga.

Sista Zulu ndinawaonanso kamodzi kokha, tsiku lotuluka, amama akundikankha panjinga ya odwala. Anaima pakhonde, maso awo n'kupita kuphazi langa.

"Gwedeza tuzala."

Ndinagwedeza. Anavomera ndi mutu, napitirira ndi thireyi yawo.

Chipsera chilipo mpaka pano, ndipo nsapato zotseka kumbuyo sindivala. Nthawi imeneyo ndinkadziwa motsimikiza kuti nesi wabwino ndi amene amaseka nawe, ndipo pepala la mayi uja linkagwirizana nane. Chaka chatha mwana wanga anathyoka mkono, ndipo kuchipatala anamuika pulasitala. M'mawa uliwonse ndinkamutsina chala, n'kudikira kuti magazi abwerere m'chikhadabo, iye akukuwa kuti ndine wankhanza. Ndinkamusiya akuwe. Sista Zulu sindinawapepese, ndipo dzina lawo loyamba sindilidziwa.