Che Atumani ndi mavidiyo a pa kabaza

Che Atumani amapalasa kabaza ku Lungwena. Kale, akamadikira wokwera, ankatsamiritsa foni yawo yosweka galasi pa kaliyala n'kumadzijambula akuyerekeza anthu amene awanyamula: mayi wokakamira kukwera ndi mbuzi, mphunzitsi wonenepa wodandaula kuti njinga ikuchedwa. Mavidiyowo ankawaponya pa TikTok. Zithunzi zinkagwedera, mphepo inkasokosera, koma asodzi ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Mwana wa mlongo wawo, Swadick, amajambula mavidiyo otsatsa mahotela ku Makokola. Ali ndi kamera yeniyeni komanso anzake odziwa zisudzo. Ataona vidiyo ya mayi wa mbuzi ija, anaijambulanso ndi anzakewo, mbuzi yake yamoyo, mawu omveka bwino. Inafalikira mpaka ku Lilongwe ndi ku Joni. Anatenganso ya mphunzitsi, kenako ina. Mumtima ankati akawauza malume, koma ankangozengereza.

Posakhalitsa mavidiyo a Che Atumani anayamba kusowa owaonera. Ochepa amene ankawapeza ankalemba kuti, "Madala, siyani kubera za Swadick." Swadick anawerenga zimenezi, n'kungozisiya choncho.

Atapita kukaona mayi ake, anakumana ndi malumewo pamsewu akupopa tayala.

"Ndaziona zako zija, mphwanga," anatero Che Atumani. "N'zokongola. Mbuzi ija unaipeza kuti?"

"Malume, nkhani zija ndi zanu. Ndikanayenera..."

"Aaa, ine ndinasiya. Anthu akuti ndikukutsanzira, ndiye ndisakuchititse manyazi."

Analankhula mosakwiya, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamulasa Swadick. Anawachonderera kuti ajambule limodzi, iwo anavomera. Koma ataimirira kutsogolo kwa kamera, anyamata akuwauza poima ndi poyang'ana, mawu anawauma. Anabwereza mpaka thukuta, palibe amene anaseka. Anavala chipewa chawo n'kunena kuti, "Ndisiyeni ndizipita, okwera akundidikira."

Swadick analemba pansi pa mavidiyo ake onse kuti mwini nkhanizo ndi malume ake. Anthu anamuyamikira iyeyo kuti ndi mwana waulemu, omutsatira n'kuchulukirachulukira. Pa tsamba la Che Atumani sipanapite munthu.

Masiku ano Swadick akabwera ku Lungwena amatsikira patali ndi siteji ya kabaza, n'kudzera njira ya kuminda, chikwama cha kamera atachibisa m'thumba la ufa.